Ambulera pa Mlatho wa a Zikhale

MUTU 7

1. Mzati wapakati

Eveless Zikhale sanali wanzeru kuposa anzake m'kalasi, ndipo wonena kuti anali wotero akunama. Masamu ankamugwetsa, Chingerezi chake chinali chotsimphina. Koma anali ndi khalidwe limodzi limene ana ambiri a masiku ano alibe. Akalakwa ankavomera msanga, ndipo akavomera ankakonza cholakwacho ndi manja ake, osadikira kuti wina amukankhe. Mwana wotere aposa ana khumi okhoza mayeso koma ogwedezeka ngati bango.

Mtsikanayu anali mu Fomu 3, ndipo ankakhala ndi makolo ake ku Mchesi. Bambo ake, a Gladson Zikhale, anali ndi mlatho wa matabwa pa mtsinje wa Lilongwe, pakati pa msika waukulu wa m'tauni ndi msika wa Tsoka. Milatho yotere ilipo ingapo pamalopo. Mwini wake amazika mizati, nakhoma matabwa, ndipo wooloka aliyense amaponya kandalama m'chitini. Wosafuna kutero amazungulira ku mlatho wa msewu, ulendo wotopetsa kwa munthu wosenza katundu. Banja la a Zikhale linkadya, kuvala ndi kuphunzitsa ana kuchokera m'chitini chimenecho.

Chilimwe cha chaka chimenecho a Gladson anaterereka pokhoma thabwa, nagwera pamiyala, mwendo n'kuthyoka. Kuyambira pamenepo, masiku a sukulu pamlatho pankakhala mayi ake a Eveless, Loweruka n'kumakhala Eveless mwini.

Loweruka lina m'mawa, mtsikanayu atanyamula chitini kuti azipita, bambo ake anamuitana. Anali pamphasa pakhonde, mwendo wa chikhakha atausanjika pa mpando.

"Eve, takhala pansi kaye," anatero a Gladson. "Mzati wapakati uja wafumbwa. Ndinaugogoda ndi hamala ndisanagwe, unkalira ngati ng'oma. Matabwa a mbali ya ku Tsoka nawonso atha. Mtsinje uja usauone kuphwa lero. Mvula ikagwa ku Dzalanyama, kuno dzuwa likuswa mtengo, madzi amangofika osaodira. Ine ndinaonapo mlatho wa mnzanga ukutengedwa ngati chisa cha mbalame, mwini wake ataima pagombe manja ali m'khosi. Tikapanda kusintha mzatiwo mvula isanayambe, mlatho upita. Ukapita, sukulu yako yathera pomwepo, ndipo sindikukuopseza ayi. Choncho anthu uziwalandira bwino kuti chitini chidzaze, tigule mitengo. Wa katundu wolemera aoloke yekha. Wopita kumaliro, wodwala ndi wosaona usawatambasulire chitini. Ndipo usakangane ndi munthu, chifukwa amene wamutukwana lero ndi yemwe adzakuvuule mawa."

"Ndamva, ababa."

"Kumva si kugwedeza mutu. Pita."

2. Mthunzi waulere

Masiku amenewo dera la msikalo linali pa kalikiliki wa chisankho chapadera, popeza phungu wake anali atamwalira. Opikisana amphamvu anali awiri, onse oima paokha. Mayi Fiona Chikaonda, mwini malole onyamula katundu, anasankha chizindikiro cha makwerero oyera pa nsalu ya pepo. A Paxton, mwini zigayo, anasankha wilibala yakuda pa nsalu yotuwa.

Anthu analeka kutchulana maina. Ankangoti uyu ndi wa Makwerero, uyo ndi wa Wilibala. Mbendera zinali pamitengo ya magetsi ndi pamadenga a mabenchi. Amayi amene anagulitsa tomato moyandikana zaka zambiri analeka kubwerekana ngakhale beseni.

Eveless ankakhala pa kreti kumapeto kwa mlatho, mbali ya ku Tsoka. Chisaka chimene bambo ake anapachika kuti chizitchinga dzuwa chinali chitang'ambidwa ndi kamvuluvulu. Tsikulo dzuwa linatuluka ndi ukali. Chitini chinatentha osagwirika, ndipo thukuta linkatsikira m'maso.

Pamenepo panafika Clifton, mnyamata woyendetsa kampeni ya Mayi Chikaonda pamsikapo. Anasenza mtolo wa maambulera aakulu, onga amene amazika ogulitsa mayunitsi.

"Sisi, mukupsa chonchi ngati mbatata yootcha, abale anu kulibe?"

"Mukuoloka kapena mukucheza?" anafunsa Eveless.

"Ndikupulumutsa moyo. Iyi ndi yanu. Yaulere. Palibe cholemba, palibe chosayina."

"Ine zaka zovotera sindinakwane."

"Dzuwa limafunsa zaka?"

Eveless anaseka. Clifton sanadikire yankho lina. Anatambasula ambulera imodzi, naimangirira ndi waya ku mzati wa polowera. Mthunzi unagwera pa kreti, wozizira ngati madzi a mumtsuko. Mtsikanayo anapuma mozama nathokoza. Sanayang'ane kumwamba. Akanayang'ana, akanaona makwerero oyera atajambulidwa mbali zonse za nsalu ya pepo, ooneka bwino kuchokera kutsidya lino ndi kutsidya lina.

Apa ana a sukulu aime ndi kulingalira. Chizindikiro ndi kanthu kakang'ono kosenza katundu wamkulu. Mbendera ya dziko ndi nsalu yosokedwa ndi telala, koma ikamakwezedwa timaima chilili, zipewa zili m'manja. Yunifolomu ndi malaya chabe, koma wovala akaba mango m'njira, dzina loipa limagwera sukulu yonse. Munthu amene walola chizindikiro pamutu pake walankhula, ngakhale pakamwa pake pali potseka.

Woyamba kumva zimene Eveless sanalankhule anali Shadrick, wosenza mabelo a kaunjika, amene ankaoloka pamlathopo kangapo tsiku lililonse. Anafika ndi belo pamutu, naponda thabwa loyamba, nakweza maso. Anabweza phazi.

"Achimwene Shadrick, lero mwatani?"

"Ine makwerero sindikwera, mlongo. Mukanatiuza kuti mwagulitsa."

"Tagulitsa chiyani? Ndi mthunzi chabe uwu."

"Basi uzikuolotsani mthunziwo."

Anatembenuka ndi belo lake nalunjika ku mlatho wa a Harry, umene unali chakumunsi pang'ono. Amayi atatu amene ankabwera pambuyo pake anayang'ana ambulera, nayang'anana, namutsata. Pasanapite nthawi njira yopita kwa a Harry inadzaza ngati ya linthumbu, ndipo a Harry ankagwedeza chitini chawo mokweza kuti Eveless amve.

Kenaka kunabwera gulu la anyamata ovala malaya a pepo, akuliza malikhweru. Ataona ambulera anakondwa, nakhamukira pamlatho onse nthawi imodzi. Eveless anaimirira natambasula chitini.

"Chonde, awiriawiri. Ndipo muponye kaye."

"Tiponye? Munthu amalipira pakhomo pake?" anatero wamtali wa iwo. "Mlatho wathu uwu, sisi. Taonani denga."

Anamudutsa ngati chitsa. Atafika pakati anayamba kuponda gule, akuimba kuti kwera, kwera, tikafike pamwamba. Eveless anawachonderera koma mawu ake anamira m'nyimbo. Pansi pa mapazi awo china chake chinalira kuti kwee, thabwa lina n'kuti phwa. Anyamatawo anathawira kutsidya akuseka. Mlatho unatsala utapendama pang'ono chakumunsi, ndipo sunaongokenso.

3. Nsalu za m'sutikesi

A Efelo, mayi wachikulire wogulitsa nthochi pafupi ndi mlathowo, anali atapita kukapikula. Anafika dzuwa lili paliwombo, natula dengu, nayang'ana ambulera, mlatho wopendama ndi chitini chopepuka.

"Nazikhale, wakwatiwa osatiitana?"

"Amayi, musandiseke. Ndinangofuna mthunzi."

A Efelo anakhala pa thumba lawo, nayamba kuyala nthochi, akulankhula osamuyang'ana.

"Mwanawe, ine ndakalambira pamsika. Ndinayamba malonda ndili msinkhu wakowu, masiku a chipani chimodzi. Nthawi imeneyo pachipata cha msika pankaima anyamata ofunsa khadi. Kapepala kochepa ngati tsamba la ndimu, koma ukapanda kukhala nako nthochi zako zinkaolera m'dengu. Kenaka kunabwera nsalu. Zinali zokongola, zosasuluka. Mayi anga anati nsalu ndi nsalu, tivale. Tsiku limene tinavala ndi lomwe tinayamba kukwezedwa pa lole kukavina, malonda titatseka, kaya kuli mvula kaya dzuwa. Zipani zitachuluka, nsalu nazo zinachuluka. Ndili nazo m'sutikesi zamitundu yonse, ndipo iliyonse inabwera ndi mawu omwewo akuti ndi yaulere. Mnzanga wina anavala ya uku pamaliro a uko. Anamuvula pagulu, apongozi ake akuona, ndipo mpaka lero sapita kumudzi kumeneko. Ine zanga ndimaphimbira ufa. Kuno ndimavala ya maluwa, chifukwa nthochi amadya aliyense.

"Iwe ukuti mthunzi. Wooloka sakuona mthunzi. Akuona mwana wa a Zikhale akukuwa dzina la munthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Pakamwa pamatopa, koma chinthu chili pamutu pakochi sichitopa. Bambo ako akhala pano zaka zonsezi osapaka mlathowu utoto uliwonse. Unkayesa ndi umphawi? Pano amaoloka wa ku tchalitchi ndi wa ku mzikiti, wakuba ndi wapolisi womuthamangitsa. Tsiku limene mlatho wakhala wa ena, enawo aleka kulipira chifukwa ndi wawo, otsalawo aleka kuoloka chifukwa si wawo. Watsala ndi ndani?"

Eveless anayang'ana m'chitini.

"Ndipo si zokhazo," anapitiriza a Efelo motsitsa mawu. "Ndadutsa pa anyamata a Wilibala kuseri kwa mabenchi a nsapato. Akuti chinthuchi chikagona pano, matabwa a bambo ako aotchera chimanga."

"Ndichite chiyani, amayi?"

"Uitsitse mwakachetechete. Uipinde, uilowetse pansi pa benchi langa. A pepo akafunsa, uti mphepo yathyola nthiti zake. A Wilibala akafunsa, uti sunaifune. Aliyense apite kwawo wokhutira."

Eveless anaimirira, nakwera pa kreti, nayamba kumasula waya.

"Ayi, amayi. Anthu andiona ndikuilandira. Andionenso ndikuibweza. Ndikanama lero, Lolemba abweretsa ina yolimba nthiti, ndipo pamlatho adzapezapo amayi anga."

"Ukaibweza kwa Clifton? Wapita kale ameneyo."

"Kwa mwini wake. Amalume a Daudi amalondera nyumba ya Mayi Chikaonda ku Area 15. Njira ndikuidziwa."

A Efelo anasiya nthochi namuyang'ana koyamba.

"Mutu ngati wa bambo ako. Bweretsa chitinicho kuno. Wa katundu ndimubweza, mlathowu lero sunyamula belo."

Eveless anapinda ambulera, naimanga ndi waya womwewo, naisenza paphewa. Sanadzere kuseri. Anadutsa pakati penipeni pa msika wa Tsoka, pakati pa milu ya malaya ndi nsapato, kuti aliyense aone. Ena anaombera m'manja monyogodola. Ena anamufunsa ngati Makwerero athyoka. Shadrick, amene anali kupuma pa belo lake, anangomutsata ndi maso.

Ulendo wa ku Area 15 ndi wautali kwa woyenda pansi, ndipo phula la msewu linkatentha mpaka m'kati mwa nsapato. Akabaza ankamuimbira belu. Wina anakuwa ali pa njinga kuti, "Achemwali, chinthucho amatsegula!" Eveless sanatsegule.

4. Pageti

Ku Area 15 kunali zii. Mipanda ya njerwa inali italiitali, mitengo itatambalala pamwamba pake, ndipo phokoso lokha linali la mipope yothirira kapinga. Eveless anagogoda pa geti lakuda. Kazenera kanatseguka, ndipo panaoneka nkhope ya a Daudi, mlongo wa mayi ake.

"Eve? Kwagwanji? Alamu aja ali bwanji?"

"Ali bwino, amalume. Ndabwera kudzabweza ichi."

A Daudi anatuluka msanga, natseka geti kumbuyo kwawo, namukokera pansi pa mtengo. Eveless anawafotokozera zonse. Iwo anavula chipewa napukuta pamphumi.

"Mphwanga, tamvera. Ambulera imeneyo sinabwere yokha ayi. Ndine ndinagwada pamaso pa madamu sabata yatha, kuwauza kuti mlamu wanga wathyoka mwendo, mlatho wake ukugwa, ana asiya sukulu. Anandimvera chisoni. Anati atumiza Clifton akaone malo, kenaka athandiza. Tsopano iwe wasenza chisoni chawocho paphewa kudzawaponyera pakhomo. Ukudziwa kuti nkhuyu zodya mwana zimapota akulu? Ine ndakhala pageti pano zaka zambiri. Ndatsegulira mabwana osiyanasiyana, ndipo aliyense anali ndi mtundu wake. Wina anandiveka kapu, ndinavala. Wina anandiveka malaya a nkhope yake, ndinavala. Kodi mtima wanga unasintha? Mtima uli m'kati, palibe amauona. Wosauka sasankha mtundu wa bulangete, amangofunda kuti kuche. Inu ana a sukulu mumaphunzira mawu akuluakulu, koma mawu sazika mzati. Mvula ikubwera, mitambo yayamba kale kusonkhana madzulo. Chisankho chitha mwezi uno, utoto udzasuluka, koma matabwa adzatsala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bwerera, ukaimike chinthucho pomwe unachipeza, ndipo ine sindinakuone."

Eveless anamvetsera mpaka mapeto, maso ali pansi monga mwana woleredwa bwino.

"Amalume, zikomo potipempherera thandizo. Sindinadziwe. Koma inu mtima wanu uli m'kati, pamene mlatho uli panja. Lero theka la msika latikana, theka linalo latithyolera thabwa. Ndiloleni ndiwaone."

"Ukandichotsetsa ntchito."

"Ndikanena kuti munandiletsa. Ndi zoona, mwandiletsa."

A Daudi asanayankhe, mawu a mayi anamveka kuchokera m'kati mwa mpanda.

"A Daudi, mukukangana ndi ndani kunjako? Mlowetseni."

5. Matabwa opaka kale

Mayi Fiona Chikaonda anali pakhonde, atavula nsapato, mapazi otupa ndi misonkhano atawaviika m'beseni. Anali mayi wa nkhope yotakasuka ndi mawu odekha. Eveless anagwada patali pang'ono, nagoneka ambulera pansi patsogolo pawo.

"Ndine Eveless, mwana wa a Zikhale a pamlatho. Ndabweza ambulera yanu, mayi. Ndinailandira osaganiza. Kulakwa ndi kwanga, si kwa a Clifton."

"Wayenda pansi kuchokera ku Tsoka? Dzuwa limeneli, ambulera ili paphewa?" Mayiwo anaseka, koma osati monyoza. "A Daudi, mpatseni madzi mwanayu. Khala pampando, mwanangu."

Eveless anamwa madzi koma anakhalabe pansi. Anafotokoza za Shadrick, za anyamata ovina, za thabwa lothyoka ndi za mlatho wopendama. Mayi Chikaonda anamvetsera, nkhope ikusintha.

"Anyamata amenewo achita zopusa, ndipo ndiwadzudzula lero lomwe. Pepa. Koma wabwera bwino. Tadzuka, uone kuseri kwa galajiko."

Eveless anadzuka nayang'ana. Pafupi ndi mpanda panali mulu wa matabwa atsopano, okhuthala, osanjikizidwa bwino. Pambali pake panagona mizati ikuluikulu yonyikidwa m'mankhwala a chiswe, yoti munthu mmodzi sanganyamule. Panalinso chingwe chachitsulo chokulungidwa ndi katoni ya misomali. Mtsikanayo anali asanaonepo mitengo yotere. Mzati umodzi wokha ukanaimika mlatho wa bambo ake mvula zambiri.

Thabwa lililonse linali lopaka utoto wa pepo. Pa lililonse panali makwerero oyera.

"Zonsezo ndi zanu," anatero mayiwo. "Akalipentala anga abwera Lolemba m'mawa, pofika Lachitatu mlatho watha. Sindikufuna kalikonse ka m'chitini mwanu. Mlatho ukhala wa bambo ako monga kale. Sindikubisa kanthu, a Daudi ndi mboni."

A Daudi anagwedeza mutu mwamphamvu, maso ali pa mphwawo.

Eveless anayang'ananso mizati ija nthawi yaitali.

"Mayi, mungatipatse osapaka? Ngakhale mzati umodzi wokha. Kapena mutilole tipale utotowo."

"Utoto umateteza thabwa ku mvula."

"Tikhoza kupaka oilo wakuda, ngati amene ababa amapaka."

Mayi Chikaonda anatulutsa mapazi m'beseni, nawapukuta pang'onopang'ono.

"Ndiwe wochenjera, choncho ndikuuza zoona. Ine sindine mpingo. Ndikupikisana ndi munthu amene akugawa ufa pa chigayo chake, thumba lililonse lili ndi wilibala. Anthu ambiri a pamsika paja sawerenga mfundo zanga. Pa pepala lovotera adzafuna chithunzi chimene akuchidziwa. Ndikufuna kuti munthu akamaoloka mtsinje osanyowa, aone pansi pa mapazi ake amene wamuolotsa. Kodi ndi tchimo limenelo? Ndikuba? Ndikumanga mlatho, mwanangu, sindikugwetsa."

"Si tchimo, mayi. Koma ambulera imodzi yatithamangitsira anthu m'mawa umodzi. Iyo ndatha kuimasula ndi kuisenza. Matabwa okhomedwa sindingawasenze. Mukapambana, a Wilibala adzaoloka kwina zaka zonse. Mukapanda kupambana, adzauotcha. Inu mudzakhala kuno kumpanda, ife tidzakhala pamtsinje."

"Eve," anatero a Daudi motsitsa, "ukulankhula ndi akulu."

"Musiyeni," anatero mayiwo. Anamuyang'ana mtsikanayo mwachidwi. "Koma ndiwe mwana. Mlatho si wako. Bambo ako, ali gone ndi chikhakha, ukuganiza angakane mizati imeneyo?"

"Sindikudziwa, mayi. Mukhoza kukawafunsa, ndipo ine ndikawauza zonse ndikafika, ngakhale akandikalipire. Koma lero pamlatho anasiyapo ine."

Mphepo inadutsa m'mitengo ya mumpandamo, yonunkhira dothi lonyowa la kutali. Onse atatu anaimva. Mayi Chikaonda analoza kumwamba ndi chibwano.

"Ukuimva? Sabata ziwiri sizitha mvula isanagwe. Tsono ndikuuze chinthu china, kuti usadzati ndinakubisira. A Harry, a mlatho woyandikana nanu, anabwera kuno dzulo. Iwo utoto sakuuopa. Anapempha matabwa omwewa, ndipo anavomera kuti mpaka tsiku lovota anthu azioloka ulere, ine ndiziwapatsa iwo kangachepe. Ndinawauza kuti adikire, chifukwa ndinalonjeza kale a Daudi. Ukakana, lole inyamuka Lolemba kupita kwa a Harry. Mlatho watsopano, wolimba, waulere, pafupi ndi wanu wopendamawo. Ngakhale Shadrick wakoyo adzatsinzina n'kuoloka. Chitini chanu chidzalira ndi chiyani?"

A Daudi anagwira mphwawo paphewa.

"Vomera, mwana wa mlongo wanga. Ndakupempha."

Mayi Chikaonda anawerama natola ambulera ija, nailozetsa kwa Eveless, chogwirira chili kutsogolo.

"Sindikukukakamiza. Ndikufunsa komaliza, ndipo ndikufunsa ndi mtima wabwino. Lolemba lole ipite kwa ndani?"

Eveless anagwadanso, naika manja ake onse awiri pamaondo.

"Zikomo kwambiri chifukwa cha madzi, mayi. Ipite kwa a Harry."